Kuche Kuche wa 3.7% ndi Chibuku cha lita: kufewa kwake kukuthandiza ndani ku Zomba?

M'mabawa a ku Chikanda, Matawale ndi Chinamwali muli mawu awiri amene amamveka pafupipafupi. Wina amati, "Zaukali ndinasiya, pano ndimangomwa Kuche." Wina amati, "Chibuku ndi phala, munthu saledzera nacho ngati midoli." Onse awiri akunena zoona pang'ono, ndipo zoona zakezo n'zofunika kwambiri pa thanzi la anthu mumzinda uno. Vuto ndi lakuti ambiri amawerenga nambala ya peresenti n'kulekera pomwepo, osayang'ana kukula kwa botolo kapena paketi imene ili m'manja mwawo.

Tiyambe ndi Kuche Kuche. Amafululidwa ndi Castel Malawi, kampani imene kale inali Carlsberg Malawi gulu la Castel lisanaigule mu 2016. Fakitale yake ya ku Blantyre inatsegulidwa mu 1968, ndipo inali yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark. Papepala la botolo la Kuche palembedwa 3.7%. Green ndi wa 4.7%, Special ndi wa 5.7%. Choncho pa mowa wa m'mabotolo wofululidwa kuno kwathu, Kuche ali m'gulu la wofewa, ndipo sakunama.

M'kapu ndi woyezuka, wa mtundu wa udzu wouma, thovu lake loyera koma losachedwa kuphwa. Kuwawa kwake n'kochepa, sikukhalitsa pakhosi monga kwa Green, ndipo kakomedwe ka chimera kamamveka patali. Ndi mowa wofuna fuliji. Ukazizira bwino, pakati pa madigiri 4 ndi 7, umatsika bwino ndi kanyenya, mang'ina kapena matemba okazinga a ku Kachulu. Ukatentha umasanduka madzi ozuna pang'ono opanda moyo, chifukwa mulibe kuwawa kokwanira kubisa kufundako. Botolo la 500 ml limakulitsa vutoli: mu Okutobala, dzuwa la ku Mpondabwino likalusa, theka lachiwiri la botolo limakhala litafunda munthu asanalifike. Zotsatira zake anthu amamwa mothamanga kuti alipeze likadali lozizira, pamenepo phindu la mowa wofewa layamba kale kuchepa. Njira yabwino ndi kuthira theka m'kapu, lotsalalo kulibweza mufuliji kapena kuliika m'chidebe cha madzi ozizira. Magetsi akathima tsiku lonse, ndi bwino kungousiya. Yang'ananinso tsiku lotha ntchito papepala, dzimbiri pachitsekerero, komanso ngati makreti anali padzuwa kuseri kwa bawa. Kuwala kwa dzuwa kumawononga zowawitsa mowa n'kubweretsa fungo loipa lonunkha ngati kanyimbi, ndipo wogulitsa wosamala amasunga makreti pamthunzi.

Tsopano masamu, amene ndiwo mtima wa nkhani yonseyi. Chimene chimaledzeretsa, kuwononga chiwindi ndi kuchedwetsa maso a woyendetsa galimoto ndi ethanol. Kuti mudziwe kuchuluka kwake m'botolo, chulukitsani mamililita ndi peresenti, gawani ndi 100, kenako chulukitsani ndi 0.789, popeza mililita imodzi ya ethanol imalemera magalamu 0.789. Pafoni zimatenga masekondi ochepa.

Green wa 330 ml pa 4.7% ali ndi mamililita 15.5 a ethanol, omwe ndi magalamu 12.2. Special wa 330 ml pa 5.7% ali ndi magalamu 14.8. Kuche wa 500 ml pa 3.7% ali ndi mamililita 18.5, omwe ndi magalamu 14.6. Onaninso manambalawo. Botolo limodzi la Kuche lili ndi ethanol wochuluka kuposa botolo la Green, ndipo likufanana pafupifupi ndendende ndi botolo la Special, mowa umene anthu amauopa kuti ngwaukali. Mukayerekeza kapu ndi kapu yofanana, Kuche ndi wofewadi: wachepa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi Green, ndi limodzi mwa atatu poyerekeza ndi Special. Koma kubawa palibe amene amawerenga makapu. Anthu amawerenga mabotolo, raundi imagulidwa ndi mabotolo, ndipo bilu imalembedwa ndi mabotolo. Pa tebulo la anthu asanu, aliyense akagula raundi yake, wa Green wamwa magalamu 61, wa Kuche wamwa magalamu 73, chonsecho wa Kuche ndiye akubwerera kunyumba akudziyesa wodziletsa.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limatenga magalamu 10 ngati muyeso umodzi wa mowa, ndipo limati munthu akamwa magalamu 60 kapena kuposa pa nthawi imodzi ndiye kuti wamwa mopitirira. Mabotolo anayi a Kuche ndi magalamu 58. Botolo lachisanu likangotsegulidwa, malirewo awolokedwa. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Dzina lenilenilo la mowawu sitikondwera nalo. Kuche Kuche ndi kumwa mpaka kunja kuche, ndipo uthenga umene womwa amamva ndi wakuti mowa uwu ungathe kuumwa usiku wonse osagwa. Kusagwa n'kotheka, koma chiwindi sichifulumira chifukwa choti mowa ndi wofewa. Kwa munthu wamkulu wa thupi lapakati, chiwindi chimachotsa magalamu pafupifupi 7 mpaka 10 pa ola. Tiyerekeze mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto amene wayamba kumwa 7 koloko madzulo n'kumaliza mabotolo asanu ndi limodzi. Amenewo ndi malita atatu, magalamu 88. Thupi lake likufunika maola 9 mpaka 12 kuti liwamalize. Pamene akuliza njinga 5 koloko m'mawa kukanyamula mayi wa dengu la tomato kupita naye kumsika waukulu wa Zomba, n'kutheka ndithu kuti mowa ukadali m'magazi. Kusamba madzi ozizira, tiyi wamkaka, msuzi wa mang'ina, zonsezi zimatsitsimula matsire koma sizichotsa galamu ngakhale limodzi msanga.

Kwa oyendetsa galimoto, malamulo a pamsewu a dziko lino amaika malire pa magalamu 0.08 pa mamililita 100 a magazi, pomwe WHO imalimbikitsa 0.05. Mwamuna wa makilogalamu 65 amene wamwa Kuche anayi m'maola atatu amakhala pafupi ndi 0.08 kapena kupitirira pang'ono. Mayi wa makilogalamu 55 angathe kufika pomwepo ndi mabotolo awiri okha m'ola limodzi, chifukwa thupi la mkazi lili ndi madzi ochepa osungunula ethanol. Ndipo ngozi siyembekeza 0.08. Kuona mtunda, kuponda mabuleki ndi kuweruza liwiro la minibasi yobwera kutsogolo zimayamba kusokonekera pansi pa malirewo. Pa msewu wa M3, pakati pa Thondwe ndi tauni kapena kulowera ku Songani ndi Domasi, kumene anthu apansi ndi apanjinga amayenda m'mphepete mopanda nyali, kusiyana kwa theka la sekondi n'kokwanira. Msewu wokhotakhota wotsika ku Chawe ndiye sitinena.

Komabe kungakhale kulakwa kuutaya mowawu, chifukwa pali anthu amene umawathandiza kwenikweni, ndipo ndi ambiri. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma mowa waukali wotchipa sunachoke. Unangosamukira m'timabotolo tapulasitiki ndi m'zigubu zimene amapungulira m'matoti. Kabotolo ka 200 ml ka 40% kali ndi magalamu 63 a ethanol, kuposa mabotolo anayi a Kuche. Kabotolo kameneko munthu angathe kukamaliza m'mphindi 15 ataima kuseri kwa okala, m'mimba mulibe kanthu. Kuti amwe ethanol wofanana ndi ameneyo mu Kuche, ayenera kulowetsa malita oposa awiri a madzi ampweya, ndipo mimba imakana. Amakhuta, amageya, amapita kukataya madzi, maola awiri amatha. M'maola amenewo chiwindi chikugwira kale ntchito, ndipo mowa wosungunuka chonchi umalowa m'magazi mochedwa kuposa waukali. Chotero nsonga ya kuledzera imakhala yotsika. Nsonga imeneyo ndiyo imabweretsa kukomoka, kutsamwa ndi masanzi, ndewu za mabotolo, kugwera m'ngalande ndi kugonana kosadziteteza. Munthu wa midoli kapena kachasu akasamukira ku Kuche n'kusunga ndalama zomwezo pa tsiku, ethanol amene akumwa amatsika kwambiri, chifukwa pa kwacha iliyonse Kuche amapereka magalamu ochepa. Kachasu ali ndi vuto lina lakuti ukali wake sudziwika: wotuluka koyamba mumpopi ndi waukali kwambiri, wotsiriza ndi wofooka, ndipo wogula sadziwa kuti amusakanizira motani. Pa Kuche, zimene zalembedwa ndi zimene zilimo, botolo lililonse. Chimenechi timachiyamikira kuposa kakomedwe kake.

Chibuku chili ndi nkhani yake yosiyana. Shake Shake wa m'paketi ya lita ndi mowa wamoyo, wa chimanga ndi mapira, umene umapitiriza kuwira utatuluka kale m'fakitale. N'chifukwa chake paketi ili ndi kabowo pamwamba kotulutsira mpweya, ndipo pokhutchumula mumatsekapo ndi chala. Tsiku loyamba chimakhala chozuna, cholemera ngati thobwa, ukali wake uli pansi kwambiri, mwina osafika 1%. Masiku akamapita yisiti imadya shuga, kuzuna kumatha, kuwawasa kumabwera, ndipo pofika tsiku lachinayi kapena lachisanu chimakhala pafupi ndi 4%. Kutentha kumafulumizitsa zonsezi, kotero paketi ya masiku atatu mu Novembala siyifanana ndi ya masiku atatu mu Juni. Pa thaveni, akatswiri ake amafunsa kuti "n'chaliti?" ndipo ambiri amasankha chogonera. Lita pa 3% ndi magalamu 24, pa 4% ndi magalamu 32, kuposa mabotolo awiri a Kuche. Mapaketi awiri a chogonera afika kale pa magalamu 60 aja. Chibuku Super cha m'botolo lapulasitiki chinaphikidwa kuti yisiti ife, kotero ukali wake susuntha ndipo chimasungika nthawi yaitali. Kwa wofuna kuwerenga zimene wamwa, chimenecho n'chosavuta, ngakhale okonda Shake Shake amati chilibe kakomedwe ka mowa wowira.

Zoti Chibuku ndi chakudya zili ndi maziko. Muli ufa, muli mavitamini ena a gulu la B, ndipo kulemera kwake kumachedwetsa ethanol kulowa m'magazi. Choipa chimayamba pamene bambo wa ganyu achisandutsa nkhomaliro ndi mgonero. Mimba imakhuta, njala imatha, koma thupi silinalandire nyemba, nsomba kapena masamba, pomwe ethanol akutsekereza vitamini B1 kulowa m'thupi. Pakapita zaka amayamba dzanzi ndi kutentha m'mapazi, kuiwalaiwala, ndi kuyenda mopepesuka ngakhale asanamwe. Masese a kumudzi, ku Jali kapena ku Mayaka, ndi ofewa chimodzimodzi, koma pali chenjezo lina: chimanga chofumbwa kapena chowola chimene sichingapite kuchigayo cha nsima nthawi zina chimathera mumphika wa mowa. Ofufuza a kuno kwathu anapezapo poizoni wa chuku m'mowa wamasese, ndipo kuwiritsa sikumuthetsa. Poizoni ameneyu amagunda chiwindi chomwecho chimene mowa ukugunda.

Chimene chimapha phindu lonse, kaya pa Kuche kaya pa Chibuku, ndi chizolowezi chothiramo toti "kuti ugwire". Toti ya 30 ml ya 40% ndi magalamu 9.5. Mukaithira m'botolo la Kuche mwapanga mowa wa pafupifupi 5.8%, kupitirira Special, koma m'botolo la theka la lita.

Maiko ena anayesapo kugwiritsa ntchito mowa wofewa ngati njira yotetezera anthu, ndipo phunziro lake limabwerezabwereza. Ku Northern Territory, ku Australia, mu 1992 anaika msonkho wapadera pa zakumwa zopitirira 3%, ndalamazo n'kuzipititsa ku chithandizo ndi maphunziro a za mowa. Anthu ambiri anasamukira ku mowa wofewa ndipo imfa zobwera chifukwa cha kuledzera zinatsika. Ku Sweden, mowa wosapitirira 3.5% ndiwo umagulitsidwa m'magolosale, waukali kuposa pamenepo umapezeka m'masitolo a boma a Systembolaget. Ku Britain, kuyambira Ogasiti 2023 msonkho unayamba kutsatira ukali, wotsika pansi pa 3.5%, ndipo makampani angapo, kuphatikizapo Carlsberg, anatsitsa mowa wawo kufika 3.4% botolo osalisintha. Njira imeneyi ndiyo imagwira bwino kwambiri, chifukwa womwa amagula mabotolo omwe aja, kukula komwe kuja, koma ethanol wachepa. Mbali inayo, ofufuza a ku yunivesite ya Cambridge ku Britain mu 2018 anapeza kuti anthu akapatsidwa chakumwa cholembedwa kuti n'chofewa, amamwa chochuluka. Zonsezi zikuloza kumodzi: mowa wofewa umathandiza ukalowa m'malo mwa waukali, pa muyeso womwewo, mtengo ukamakankhira anthu komweko. Ukabwera ngati chowonjezera, kapena m'botolo lokulirapo, phindu limasungunuka.

Kuno kwathu mtengo ukukankhira anthu mbali yolakwika. Ndondomeko ya dziko yokhudza mowa inakhazikitsidwa mu 2017, koma mpaka lero njira yotchipa kwambiri yoledzerera ku Zomba ndi mowa waukali. Aliyense angathe kudziyesera: tengani mtengo wa chakumwa, gawani ndi magalamu a ethanol amene alimo. Midoli ndi kachasu zimatuluka pansi kwambiri. Wophunzira wa ku Chanco wokhala ku Chikanda, ndalama ya mwezi itatsala pang'ono, sasankha ndi lilime. Malinga ngati galamu la ethanol m'kabotolo ka 40% likhala lotchipa kuposa la mu Kuche, mowa wofewa udzakhala wa anthu apantchito za malipiro, pomwe ovulala kwambiri akumwa zina.

Pali zimene peresenti yotsika siyisintha, ndipo apa tikufuna kulankhula mosabisa. Bungwe lofufuza za khansa la IARC linaika mowa m'gulu loyamba la zoyambitsa khansa mu 1988, ndipo khansa zimene mowa umayambitsa ndi ya m'kamwa, pakhosi, kholingo, kum'mero, chiwindi, matumbo ndi bere. Chiopsezo chimatsatira magalamu onse amene munthu wamwa pa zaka, mosayang'ana kuti anachokera m'botolo lanji. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya kum'mero ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse, ndipo mowa ukaphatikizana ndi fodya chiopsezocho chimakwera kwambiri. Mu Januwale 2023 WHO inanena poyera kuti palibe muyeso wa mowa umene tingati ndi wotetezeka pa thanzi. Munthu amene samwa asayambe chifukwa wamva kuti uwu ndi wofewa. Amalawi ambiri, makamaka amayi, samwa n'komwe, ndipo chimenecho ndi chuma cha dziko chimene malonda a mowa wofewa angathe kuchibowola. Mwana wosakwana zaka 18 saloledwa kugulitsidwa mowa uliwonse, wa 3.7% womwe.

Mayi woyembekezera asamwe Kuche, Chibuku kapena masese, chifukwa ethanol amadutsa kupita kwa mwana pa muyeso uliwonse. Amene akumwa mankhwala a TB akumbukire kuti isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide akulemetsa kale chiwindi. Metronidazole, amene ambiri amamudziwa kuti Flagyl, sayenderana ndi mowa mpaka patapita masiku awiri mankhwala atatha. Odwala khunyu amene ali pa phenobarbitone kapena carbamazepine, mowa umawonjezera tulo ndipo matsire angathe kudzutsa kugwa. Wa shuga amene ali pa glibenclamide kapena insulin angathe kutsika shuga usiku atagona, anthu n'kumayesa kuti wangoledzera. Kwa amene ali pa ma ARV, vuto lalikulu ndi kuiwala kumwa mankhwala ndi chiwindi, makamaka ngati alinso ndi hepatitis B. Mankhwala asadumphidwe chifukwa choti munthu wamwa.

Gulu lina lofunika kusamala nalo ndi la amene amamwa kachasu tsiku ndi tsiku, manja akunjenjemera m'mawa mpaka atalawa. Munthu wotere akasiya mwadzidzidzi, kapena kutsika kuchoka pa botolo la kachasu kufika pa Kuche awiri tsiku limodzi, thupi limatha kugwedezeka: thukuta, kusanza ndi kunjenjemera pakatha maola 6 mpaka 24, kukomoka ngati wakhunyu m'masiku awiri oyamba, ndi kusokonezeka mutu, kuona zinthu zomwe palibe, tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Zimenezi zimapha. Achibale asamutsekere m'chipinda kuti zimuthere. Apite naye kuchipatala, kumene amapatsidwa diazepam ndi vitamini B1 moyang'aniridwa. Zomba ili ndi mwayi wokhala ndi chipatala chachikulu komanso Zomba Mental Hospital mumzinda momwemo. Ndipo amene anasiyiratu mowa atavutika nawo asadzinyenge ndi wofewa, madzi saiwala khwawa.

Chigamulo chathu pa Kuche Kuche ndi ichi. Ngati chakumwa, ndi mowa waukhondo, wodalirika, wokoma ukazizira ndi wosakoma ukafunda. Ngati njira yochepetsera mowa, ndi wabwino kwambiri kwa wochokera ku midoli ndi kachasu, ndi wopanda phindu kwa wa Special amene asunga chiwerengero cha mabotolo, ndipo ndi woipirapo kwa wa Green amene achita chimodzimodzi. Wa Green amene ankamwa mabotolo anayi, magalamu 49, ayenera kulekera pa Kuche atatu, magalamu 44, kuti aone kusintha ngakhale kochepa; awiri ndiye kutsika kwenikweni. Zimatheka mukadya nsima kaye, mukaikiratu chiwerengero musanakhale pansi, mukatuluka mu raundi n'kumadzigulira nokha, ndiponso mukaika kapu ya madzi pakati pa botolo ndi botolo. Sungani zitsekerero m'thumba la malaya kuti muziwerenga, chifukwa akalinde amachotsa mabotolo patebulo ndipo mutu umasiya kuwerenga pa botolo lachitatu. Chibuku chigulidwe chatsopano kapena Super, paketi imodzi, pambali pa chakudya.

Kwa ofulula, pempho lathu ndi lakuti Kuche wa 330 ml akhale wopezeka m'bawa iliyonse, pa mtengo wotsika kuposa Green. Botolo lotere lingakhale ndi magalamu 9.6, pafupifupi muyeso umodzi wa WHO, lingathe lisanafunde, ndipo raundi ya anthu asanu ingatsike kuchoka pa magalamu 73 kufika pa 48 popanda wina aliyense kusintha khalidwe lake. Magalamu a ethanol alembedwenso papepala ndi manambala aakulu, pafupi ndi peresenti. Eni mabawa nawo aike jagi ya madzi akumwa aulere pakauntala, ndipo asiye kugulitsa toti kwa munthu amene wagwira kale botolo la Kuche m'dzanja lina.